Kathumba ka Dothi Lakuda

Sukulu ndidalekera Sitandade 2, tsiku lomwe ndidaswera sileti pamutu pa aphunzitsi. Ndidachedwa chifukwa ndinkapirikitsa ng'ombe za eni m'munda mwa amayi. Ndidawafotokozera, iwo nkuti nditambasule dzanja basi. Koyamba ndidatambasula. Kachiwiri dzanja lidapita ndi sileti. Kuchokera pamenepo mudzi wonse wa kwathu, kufupi ndi Nambuma, udadziwa kuti ndine wa mtima wapachala, ndipo ine ndidalumbira kuti phazi langa silidzapondanso pakhomo la sukulu. Lumbiro la mwana wopusa. Zaka zisanu ndidazithera ndikusesa m'sukulu ku Joni, ndipo chimene ndidachita kumeneko chidaposa cha sileti.

Ndidakwatira Nambewe wa kwa Kabudula, nkukakhala kwawo pachikamwini. Nambewe analibe vuto. Vuto anali malume ake, a Yosefe, mkulu wa mpingo, munthu wolankhula motsitsa mawu koma mawu ake obaya ngati minga ya mthethe. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa adati, anthu onse akumva, "Akamwini a masiku ano ngabwino ndithu. Amabwera ndi manja awiri ndi mimba, nkumafunda nsalu ya mkazi."

Ndidaponya fodya pansi. "Malume, ine ndidzalowa m'mudzi muno pa njinga, makina osokera ali pakaliyala. Tsiku limenelo mudzandivulira chipewa."

M'mawa mwake ndinali panjira. Nambewe anali ndi pakati pa miyezi isanu. Adandiperekeza mpaka padambo, nkundipatsa nsawa zokazinga m'kansalu. Sadalire. Adangoti, "Inu, kumeneko kulibe amayi anu okakupepeserani. Mukamva mtima ukukwera, muziyamba mwakhala pansi." Ine ndidaseka.

Ndidapita selefu, osalembetsa kwa olemba anthu a m'migodi. Wapansi mpaka Namitete, kenaka m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pabwato, kulima fodya wa mzungu ku Lodeziya dzinja lathunthu, kuwoloka Limpopo madzi ali m'chifuwa. Tidanyamuka atatu. Wina adagwidwa pamalire, wina adatsala pafamu akutsokomola magazi. Ndidafika ku Joni patatha chaka, nsapato ndilibe, pasi, chiphaso choyendera, ndilibe. Kalata yonena kuti Nambewe wachira ndi mwana wamkazi, dzina lake Esinati, idandipeza mwanayo akuyenda kale.

Amene adandisunga ndi a Zakeyo a ku Nsaru, khukhi wa pahotela ina. Iwowa adachoka kwawo ine ndili kumsana. Anali ndi mkazi wa Chisuthu ndi ana anayi osadziwa ngakhale kuti zikomo. Ndiwo adandipezera ntchito.

"Mphwanga, kuli azungu ena achilendo," adatero. "Safunsa pasi, poti nawonso mapepala awo ngokayikitsa. Koma ndi sukulu."

"Sukulu? Achimwene, ine sukulu ndidalumbirira."

"Ukalumbire m'mimba muli zii. Tiye."

Sukuluyo siinali ya boma kapena ya mishoni. Inali nyumba wamba ya malata ofiira, zipinda zinayi zophunziriramo, ana osakwana makumi anayi, kuyambira timakanda tongoyamba kumene mpaka anamwali ndi anyamata otha msinkhu pang'ono. Mwini wake anali adona a Oliga, mayi wamfupi wa imvi, woyenda ngati akuthamangitsidwa. Onsewo anali anthu a ku Rasha. Makolo awo adathawa kwawo nkhondo itawagonjetsa, nkukakhala ku Tchaina, kumenekonso nkuthawa pa sitima ya pamadzi mpaka kudzatulukira ku Joni. M'mawa ana ankaphunzira m'Chingerezi ndi amisi awiri achingerezi, kuti adzapeze ntchito. Akadya masana, amisi aja ankanyamula zikwama zawo, sukulu nkusanduka ya Chirasha. Zilembo zake pabolodi zinkaoneka ngati wina wazipinda miyendo. China chinali ngati chule wopondedwa ndi ngolo.

Ntchito yanga inali kusesa, kupaka polishi, kuthira inki m'timabotolo, kuimba belu, kulima maluwa, ndi kuyatsa chiketulo chachikulu chamkuwa chimene moto wake wa makala unkayaka m'mimba mwake momwe. Chiketulo chimenecho chikazima, adona ankalira ngati kwagwa maliro.

Wophunzitsa Chirasha anali a Sitepani. Wamtali, wowerama, ndevu zoyera, jekete limodzi lomwelo lonyezimira m'zigongono. Paunyamata wawo akuti anali msilikali wa pakavalo. Analibe mkazi, analibe mwana. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa sukulu, kopenyana ndi kanga, pakati pathu pali mpopi ndi ngalande ya simenti. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, choncho tinkamvana bwino kuposa mmene ndinkamvanira ndi amisi aja. Ana akaweruka ankandiitana pakhonde, nkundithirira tiyi m'tambula yagalasi, nkundipatsa jamu pasipuni kuti ndizinyambita. Mzungu woyamba kukhala nane pa sitepe imodzi anali iwowa. Ndinkawaitana kuti Madala.

Ana ankawavutitsa. Iwo akafunsa m'Chirasha, ana ankayankha m'Chingerezi. Tsiku lina ndikupukuta mawindo, mtsikana wina wamkulupo, Tanya, adaimirira nkuwafunsa m'Chingerezi kuti, "Chifukwa chiyani tikuphunzira chilankhulo cha dziko lomwe sitidzapitako?" Ndidadikira kuti amukwapule. A Sitepani adangoyang'ana mapu a dziko lawo pakhoma nthawi yaitali, kenaka nkupitiriza kulemba pabolodi. Madzulo ake ndidawauza kuti kwathu mwana wotere amadya chikoti.

"Iwe udadya chikoti," adatero. "Udaphunzira chiyani?"



Chaka chilichonse ndinkati kukakolola ndikupita. Ndinkatumiza bulangete, nsalu, sopo, kamalaya ka Esinati kongoyerekeza msinkhu. Njinga ndidagula m'chaka chachiwiri. Makina osokera ndiwo ankandithawa, ndipo kulowa m'mudzi wa a Yosefe ndi theka la lumbiro sindikadatha. Ndikawauza a Sitepani kuti chaka chino ndikupita kwathu, ankapukusa mutu.

"Sudzapita. Ine ndidati miyezi itatu. Adona adati chaka chimodzi. Palibe amene amabwerera."

"Madala, musandifanizire ndi inu. Kwathu kulibe nkhondo."

"Sudzapita," ankabwereza, akusonkhezera makala m'chiketulo.

M'chaka chachitatu ndidakonza bedi la maluwa patsogolo pa sukulu. Ndidathira manyowa a akavalo ndi masamba owola mpaka dothi lofiira la ku Joni lidada bii. Tsiku lina masana nditangochoka pamene ndidaima, ndidacheuka nkuona a Sitepani atagwada pomwepo pali chidindo cha phazi langa. Adatapa dothi, nkulifikisa ndi zala, nkulinunkhiza, milomo ikung'ung'udza m'chilankhulo chawo. Ataona kuti ndikuwayang'ana adadzuka msanga, dzanja lili m'thumba la jekete. Ndidadabwa, koma ndidaiwala.

Kenaka idabwera kalata ya a Yosefe. Yaifupi, zilembo zoongoka bwino.

"Zaka zinayi zakwana. Mwana wathu si nkhokwe yoti muitseke nkumapita. Mukapanda kufika tisanathe kukolola chimanga cha chaka chino, ife tidzati mudachona, ndipo Nambewe tidzamumasula. Alipo munthu amene wafunsira."

Lamlungu masana ndidapita nayo kwa a Zakeyo kuseri kwa hotela, kumene Anyasa tinkakumana. Adaiwerenga kawiri, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chaka chatha udati ukupita. Chidakuletsa nchiyani?"

"Makina."

"Makina! Mphwanga, iwe adakumanga. Ine bwana wanga woyamba adandimanga chimodzimodzi, Mmwenye wa ku Debeni. Wantchito akakhala wabwino samulola kupita. Amatapa phazi lako, nkulisokera m'kathumba, nkuliika pamalo obisika. Ukati unyamuke, miyendo imalemera. Taona ine, zaka zonsezi."

"Azungu sadziwa zimenezo, achimwene."

"Amenewo ndi azungu eti? Adakhala ku Tchaina amenewo. Kodi palibe amene udamuonapo akutola dothi pamene waponda?"

Ndidawauza za bedi la maluwa, ndi za mawu aja akuti sudzapita. A Zakeyo adaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye ukufunanso umboni wanji? Ukakapeza kathumbako usakatenthe, moto umalimbitsa. Ukakhuthulire m'madzi oyenda."

Lero ndikaganiza ndimaona kuti a Zakeyo ankafuna wina woti amuloze chala pa zaka zawo zonse zija, ndipo ine ndinkafuna wina woti ndimuloze pa zanga. Koma tsiku limenelo ndidabwerera ku sukulu mutu ukuwira.

Lolemba masana, Chirasha chitayamba, ndidalowa m'kachipinda ka a Sitepani ndi tsache monga mwa masiku onse. Pangodya panali chithunzi cha Mariya chodetsedwa ndi utsi, kanyale kakang'ono kakuyaka patsogolo pake. Malo amenewo adandiuza kalekale kuti ndisamapukute. Ndidapisa dzanja kuseri kwa chithunzicho. Kanalipo. Kathumba ka nsalu yokhuthala, kakukula ngati chibakera cha mwana, komangidwa pakamwa ndi ulusi wofiira. Ndidamasula. Dothi lakuda bii, louma, ngati la pabedi langa la maluwa.

Mawu a Nambewe oti ndiziyamba ndakhala pansi sadandifike nkomwe. Ndidatuluka, nkutsegula mpopi mpaka kumapeto, nkukhuthulira dothi lonse m'ngalande. Ndidakung'untha kathumbako kuti pasatsale kanthu. Madzi adada pang'ono, nkuyera. Ndidaima mpaka zonse zitalowa m'paipi ya pansi pa msewu.

Ndikadalekera pomwepo. Koma ine ndi ine. Ndidakankha chitseko cha kalasi ana ali pakati pa kulakatula, nkuponya kathumba kopanda kanthu patebulo la a Sitepani.

"Madala, ndamasuka! Mumange galu wanu, osati ine. Tiyi wanu uja munkandinyengerera naye eti? Ndikupita kwathu, muone!"

Ndidalankhula Chichewa, Chingerezi, Chilapalapa, zonse pamodzi. A Sitepani adatola kathumbako, nkupisamo chala. Adakatembenuza. Adandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene sakukumbukira kuti ndine yani.

"Lili kuti?"

"M'ngalande. Madzi atenga."

Adafufuza mpando kumbuyo kwawo ndi dzanja, nkukhala pansi. Tanya adathamanga kukaitana adona.

Adona a Oliga adandikokera m'khonde. Ndinkayembekeza kukuwa, koma adalankhula motsitsa.

"Ukudziwa chimene wataya?"

"Phazi langa."

"Phazi lako! Dothi limenelo adalitapa pakhomo pa nyumba ya bambo ake tsiku limene ankathawa, ali mnyamata wa msinkhu wako. Adawoloka nalo chipale chofewa, adagona nalo m'misasa, adagulitsa wotchi, adagulitsa nsapato, koma ilo ayi. Zaka zoposa makumi atatu. Kwathu munthu akafera kutali timamuthira dothi la kwawo pachifuwa, kuti asagone yekha m'dziko la eni. Adandiuza kuti tsiku la maliro ake mwana aliyense wa sukulu ino adzatape pang'ono, adzamuthire. Anawa dothi la kwawo akadalikhudza tsiku limenelo lokha."

Ndidathamangira kungalande. Ndidachotsa chitsulo chotchinga paipi, nkupisa mkono mpaka m'phewa. Ndidatulutsa matope a sopo, tsitsi, masamba a tiyi. Ana ankandiyang'ana pawindo.

Adona adafuna kuitana apolisi. Munthu wopanda pasi ngati ine akadanditumiza kumafamu kokumba mbatatesi ndi zala. A Sitepani ndiwo adakana. Tanya adandiuza pambuyo pake kuti adangoti, "Musiyeni. Akachoka, ketulo ayatsa ndani?"

Lachisanu la sabata yomweyo sadatuluke m'chipinda belu litalira. Ndidawapeza pansi pafupi ndi bedi, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa. Dokotala adati ndi mtsempha wa m'mutu, ukalamba. Adokotalawo adziwa zawo. Ine ndidadziwa zanga.

Ku chipatala adakhalako masabata atatu nkuwabweza. Chingerezi chonse chidawathawa, kudatsala Chirasha chokha, nachonso cholemera. Wowasamalira panalibe. Adona anali ndi sukulu, makolo a ana anali ndi mavuto awo. Kudatsala kuwapereka kunyumba ya boma yosungirako nkhalamba, kumene palibe ndi mmodzi yemwe akadamva mawu awo ngakhale atapempha madzi.

Nthawi imeneyo kwathu chimanga chinali chitayamba kuuma. Katundu wanga anali womangamanga, njinga nditaipukuta. A Zakeyo adandipezera ndi munthu wa lole wopita ku Lodeziya.

"Nyamuka, mphwanga. Wamasuka. Mzungu ali ndi azungu anzake."

"Achimwene, kwathu munthu ukamudwalitsa umathawa?"

"Kwanu kuti? Kuno nku Joni."

Ndidati ndidikira mwezi umodzi, mwina adzuka. Ndidamasula katundu.

Ndidayesa kulembera a Yosefe kuti ndiwafotokozere. Koma ndikadalemba bwanji? Kuti ndikusambitsa mzungu wokalamba chifukwa ndidamutayira dothi? Akadaiwerenga pabwalo kalata imeneyo, mudzi wonse nkuseka. Ndidang'amba mapepala atatu. Papepala lachinayi mtima udakwera, ndipo ndidalemba kuti mkazi ndi wanga, ndidzabwera tsiku limene ndafuna, ndipo wofunsirayo akonzeretu mutu wake. Ndidaiponya kupositi ndisanakhale pansi. Yankho silidabwere.

Mwezi umodzi udasanduka chaka ndi miyezi inayi. Ndinkawasambitsa, kuwameta, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa phala ndi sipuni yomwe ankandipatsira jamu. Ndinkachapa zofunda zimene munthu sachapira ngakhale bambo ake. Poyamba ankatembenukira kukhoma ndikalowa. Tsiku lina masana ana atayamba kulakatula, ndidaona khutu lawo likusaka mawuwo kudzera pawindo. Ndidawabereka kumsana, mafupa okhaokha, nkukawakhazika pampando kumbuyo kwa kalasi. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ndinkawabereka. Wophunzitsa anali mayi ake a Tanya tsopano. Mwana akalakwitsa, a Sitepani ankagogoda pansi ndi ndodo. Ndipo ana aja, amene kale ankayankha m'Chingerezi, adasiya. Pamaso pa nkhalambayo ankalankhula Chirasha chokhachokha, ngakhale popempha kupita kuchimbudzi.

Ine ndinkaima pakhomo kudikira kuwabweza. Mawu ena adalowa m'mutu mwanga osawafuna. Madzi, buledi, kuzizira, zikomo. Ndiwo maphunziro onse amene ndidatenga ku sukulu yachiwiri.

Tsiku lina ndidawakhazika padzuwa pafupi ndi maluwa. Adaloza bedi lija ndi dzanja lamoyo, nkuyankhula motalika. Ndidaitana Tanya kuti andimasulire. Mtsikanayo adamvetsera, nkuyang'ana pansi.

"Akuti tsiku lija adagwada apa chifukwa dothi lako linali ndi fungo la kwawo pang'ono. Akuti m'dziko lino lonse ndiwe wekha udadziwa kudetsa dothi. Adachita manyazi utawaona."

Ndidafunsa ngati ndingawatapire la pabedipo, tiike m'kathumba. Adapukusa mutu. Tanya adati, "Akuti Mulungu sanamizidwa."

Adamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa ndikuwapukuta kumaso. Dzulo lake adandifumbatitsa kathumba kaja, nkutseka zala zanga ndi dzanja lawo. Sindidziwa ngati kunali kukhululuka kapena kundisenzetsa. Sindidafunse, ndipo Tanya panalibe.

Kumanda a azungu ine ndidaima kutali, pamodzi ndi okumba manda. Ndidaona ana onse a sukulu ali pamzere, aliyense akuwerama kutapa dothi pamulu nkuponya m'dzenje. Lofiira, la miyala, la ku Joni. Tanya adatapa, nkuliyang'ana m'dzanja, nkutembenuka kundiyang'ana ine. Kenaka adaponya.

Ndidafika kwa Kabudula chimanga chachiwiri chili kale m'nkhokwe. Ndidalowa m'mudzi pa njinga, monga ndidalumbirira, koma pakaliyala panali sutikesi yokha. A Yosefe anali pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Adadzuka, nkuvula chipewa.

"Takulandirani, alendo. Mwayenda bwanji?"

Chipewa adandivulira ndithu, monga amavulira munthu aliyense wodutsa.

Nyumba imene ndidamanga ndi manja anga inali itafoleredwa udzu watsopano. Pakhomo panali ngolo. Mwini ngoloyo anali Layisoni, amene tinkakhala benchi limodzi ku sukulu, iye nkupitiriza mpaka Sitandade 6. Nambewe adatuluka ndi khanda kumsana. Adandiyalira mphasa pabwalo, osati pakhonde, nkugwada patali.

"Mwabwera, bambo a Esinati."

"Ndabwera."

"Kalata yanu ija adaiwerenga pamaso pa anthu. Ine ndidadikirabe mpaka mvula yoyamba." Adakonza nsalu ya mwana. "Mukadangolemba kuti chakugwirani nchiyani."

"Mukadakhulupirira?"

"Ine ndikadakhulupirira."

Esinati adabwera kuchokera ku sukulu, sileti ili m'khwapa. Mphumi yanga, maso a amayi anga. Mayi ake adati, "Pereka moni." Adagwada, nkundipatsa kadzanja kozizira. "Muli bwanji, alendo?" Nditamupatsa diresi limene ndidamugulira, adayang'ana kaye Layisoni, nkuti, "Ababa, ndilandire?"

Mlandu panalibe woti nkuzenga. Kwathu ku Nambuma amayi anali atamwalira chaka chomwecho, munda alongo anga atagawana ndi amuna awo. Ndidagona kumeneko masabata awiri ngati mlendo, ndikudya mbale ya alamu. Ndidagulitsa njinga kwa mphunzitsi wina. Ndidaona kuti kwatsala njira imodzi, yomwe ndidadzera.

Tsiku lonyamuka ndidadzera kwa Kabudula kuti ndimuone mwana komaliza. Kunali m'mawa, anthu ali pantchito zawo za pakhomo. Esinati adandipatsa moni nkuthamangira anzake a ku sukulu. Ndidatsala ndikuyang'ana bwalo limene adabadwirapo, katondo wofiira wosesedwa bwino, timapazi take titadinda pamenepo. Ndidakumbukira kuti munthu akafera kutali asagone yekha. Ndidatulutsa kathumba ka a Sitepani, nkugwada, nkutapa dothi kawiri.

"Mayo! Mfiti! Akutapa phazi la mwana!"

Anali apongozi anga aakazi. Zaka zonse za chikamwini changa mayi amenewa sadandiyang'anepo kumaso, tikakumana panjira ankalowa patchire monga mwa mwambo. Tsiku limenelo adatulukira kuseri kwa nkhokwe nkuima patsogolo panga penipeni, chala chili pamphuno panga.

"Mwalephera mkazi, ndiye mufuna mutenge mwana ndi mankhwala a ku Joni? Anthuni, bwerani mudzaone!"

Anthu adathamanga. Layisoni adabwera ndi mpini. A Yosefe adafika pambuyo, akupuma mofulumira.

"Tinkakuyesani munthu wa ukali chabe. Kodi mudaphunziranso zimenezi? Kathumba ka ulusi wofiira! Khuthulani msanga."

Ndidamva moto uja ukukwera kuchokera m'mimba, womwe uja wa sileti, wa m'chigafa, wa pampopi. Layisoni ndikadamugwetsa ndi dzanja limodzi, mpini wakewo nkumuthyolera pamsana. Ndidayang'ana nkhope zawo. Ndidaidziwa nkhope imeneyo. Ndi yomwe ndidalowa nayo m'kalasi tsiku lija, yotsimikiza, yosafuna kumva.

Ndidakhala pansi, pafumbi pomwepo.

Anthu adasokonezeka, phokoso lidatsika. Nambewe adadutsa pakati pawo, khanda lili kumsana, nkugwada pafupi nane kuposa mmene mkazi wa mwini amayenera. Adandiyang'ana mmene ndidakhaliramo, miyendo yotambasula ngati mwana.

"Mwakhala pansi," adatero motsitsa.

"Ndachedwa nako."

"Dothilo nlachiyani?"

"Nlodzandithira pachifuwa."

Ndikuganiza kuti adamva. Kenaka adayang'ana amayi ake, malume ake, mwamuna wake, ndi njira imene Esinati adadzera.

"Khuthulani, bambo a Esinati. Mwanayu akadzangodwala mutu, adzati ndinu. Ndipo ine ndidzakhala nawo anthuwa, inu kulibe."

Ndidamasula ulusi, nkukhuthula. Apongozi adabwera ndi tsache nkusesa malowo, nkuthirapo madzi. Palibe amene adandiperekeza.

Panjira ya ku Namitete dothi linali ponseponse, lofiira lomwelo, ndikadatapa lodzaza thumba la chimanga. Sindidatape. La pamsewu ndi la aliyense.

Adona a Oliga adandilandiranso osafunsa kanthu. Ana achepa, Tanya adapita ku sukulu yaikulu ya Chingerezi, m'kachipinda ka a Sitepani tsopano timasungiramo makala. A Zakeyo atandiona adangosuntha pabenchi kundipatsa malo. Ketulo ndimayatsabe.

Kathumba kali kuseri kwa kalilole wanga. Tsiku lina ndidakatembenuza kunja kuti ndikachape, ndipo ndidaona kuti m'misoko mwake mudakanirira fumbi. Lina lakuda, lina lofiira. Lonse pamodzi silingadzaze chikhadabo. Ndidakabweza mmene kanaliri, nkumanga ulusi.